Ndavinira chipani zaka zambiri, pano ndikufuna mpando: ndiyambire pati?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene ndi mkulu wa amayi pa konsityuwensi m'chipani chake, dzina ndi chipani tasunga. Akuti: "Ndakhala m'chipani zaka zoposa khumi, ine ndi amene ndimasonkhanitsa amayi kukakhala msonkhano, kugawa nsalu, kuphika akabwera akuluakulu. Pano ndikufuna ndidzaime ukhansala kaya uphungu mu 2030 koma abambo a m'komiti akungoseka, akuti dikirani kaye mayi. Kodi 50-50 timamva pa wailesi ija ili kuti? Palibe lamulo lokakamiza chipani kuimitsa amayi? Ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo pofunsa pano osati mwezi wa kampeni, chifukwa ambiri amabwera ndi funso ili mapepala a bungwe loyendetsa chisankho la MEC atatsala sabata ziwiri kutsekedwa, nthawi imeneyo palibenso chimene munthu angakuthandizeni.

Ndiyambe ndi za lamulo poti yankho lake ndi lalifupi. Lamulo lokakamiza chipani kuimitsa amayi angapo kulibe. Anthu amasokoneza ndi Gender Equality Act ya 2013, ija ya 40-60, koma imeneyo ikukamba zolemba anthu ntchito m'boma, kuti amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse komanso asapitirire 60. Chipani sichili mmenemo. Lamulo la zipani la 2018 nalo silinaike nambala yoti chipani chikalephera kuifikira chilangidwe. Ndipo 50-50 si lamulo ayi, ndi kampeni, inayamba kukonzekera chisankho cha 2009, mabungwe monga NGO Gender Coordination Network pamodzi ndi unduna wa za jenda, kutsatira mgwirizano wa maiko a SADC wa 2008 umene unkati pofika 2015 theka la mipando likhale la amayi. 2015 inadutsa kalekale. Nde mukapita kwa gavanala wanu kukamuopseza ndi lamulo adzakusekaninso kachiwiri.

Onani mmene manambala ayendera. 1994 amayi analowa ku Nyumba ya Malamulo 10 pa aphungu 177. 2004 anali 27 pa 193. 2009 anapitirira 40, anthu tinasangalala kuti basi zayamba. 2014 anatsika kufika 32. 2019 anakweranso kupitirira 40. Kukwera, kutsika, kukwera, pomwe mu kaundula wa ovota amayi ndi amene amachuluka nthawi zonse, mu 2019 anali pafupifupi 56 pa 100 alionse. Chimene chimandiuza ine manambala amenewa ndi choti palibe chimene chinamangidwa mkati mwa zipanimo, zimangodalira mphepo ya chaka chimenecho.

Tsono mfundo yanga yaikulu ndi iyi, ndipo ndikhalapo nthawi: amayi ambiri sagonja pa tsiku la chisankho chachikulu, amagonja ku chipulula, chisankho cha mkati mwa chipani chopezera amene adzachiimire, ndipo ena amagonja chipulula chisanachitike n'komwe, tsiku limene ma eriya komiti ankasankhidwa iwo ali kukhitchini kuphikira alendo.

Kuno kwathu chipani chilichonse chili ndi kuchipinda kwake. MCP m'maboma ambiri a chigawo chapakati, DPP cha ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, UDF inkadalira Mangochi ndi Machinga, AFORD kumpoto nthawi yake. M'madera ngati amenewa munthu akapambana chipulula ndiye kuti mwendo umodzi walowa kale ku Nyumba ya Malamulo. Nde mpikisano weniweni uli pamenepo, ndalama zimathiridwa pamenepo, chinyengo chimachitikira pamenepo. Ndipo zipani zimadziwa kuchenjera kwake: zimapereka tikiti mosavuta kwa mayi kudera kumene chipanicho sichinapambanepo chiyambire, kenako mneneri wa chipani n'kumakayankhula pa wailesi kuti ife taimitsa amayi ochuluka kuposa anzathu. Musamawerenge amayi amene aima. Muziwerenga amayi amene aima kumene chipanicho chimawina.

Amene sanaonepo chipulula sangamvetse. Pa bwalo la sukulu ya pulayimale, dzuwa lili pamutu, oimawo awaimika kutsogolo atatembenuka, madeligeti auzidwa kuti aliyense akaime kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Ena abwera pa lole m'mawa womwewo kuchokera kumene anawagoneka usiku, adya nyama, apatsidwa ka envelopu, mafoni anawalanda kuti wina asawanyengerere. Mayi amene munavina naye zaka zonsezi, amene anakulonjezani kuti ine ndili nanu, waima pakati akuyang'ana mzere wanu kenako mzere wa bwana uja amene anagula bokosi pa maliro a apongozi ake, ndipo amuna ake ali potero pansi pa mtengo akumuyang'ana. Akupita kwa bwana uja mutu uli pansi. Inu mukatembenuka mupeza anthu khumi ndi awiri. Anthu amati amayi sakondana okhaokha, ine mawu amenewo ndimakana, chifukwa voti ya pamzere si yachinsinsi, ndipo munthu wosauka sangachite manyazi munthu amene anamuthandiza pa maliro pamaso pa mudzi wonse. Zipani zina zayamba kumavota pa pepala m'madera ena, ndipo chimenecho ndi chinthu choyamba choti amayi m'chipani chanu muchimenyere nkhondo, kuposanso zambiri zimene zimakambidwa m'mawekishopu.

Koma tabwerani kumbuyo pang'ono, madeligetiwo amachokera kuti? M'zipani zambiri eriya iliyonse imatumiza anthu a komiti yaikulu, a komiti ya amayi ndi a komiti ya achinyamata. Apa ndi pamene inu muli ndi mphamvu imene mwina simunaiwerenge. Monga mkulu wa amayi mukuwadziwa amayi a m'ma eriya onse ndi maina awo, mukudziwa kwawo, mukudziwa amene mwana wake akudwala. Shado (wofuna mpandoyo) wa mtauni amene amangobwera ndi galimoto pa weekend alibe zimenezo, amachita kugula. Vuto ndi loti mphamvu imeneyi mwakhala mukuigwiritsa ntchito pokweza anthu ena. Nde ntchito yanu kuyambira pano ndi kudziwa kuti ma eriya ovomerezeka m'dera lanu alipo angati, ndani ali m'makomiti, anasankhidwa liti, adzasankhidwanso liti. Pemphani listi yake, ikhale ndi siginecha ya akudistrikiti, muijambule pa foni, musunge. Chifukwa chinyengo chofala kwambiri ndi chimenechi, kwatsala mwezi kuti chipulula chichitike mungomva kuti kwabadwa ma eriya atsopano makumi awiri amene palibe anawaonapo akukumana, onse a munthu mmodzi. Kapena malo ovotera asintha usiku, inu ndi anthu anu mwasonkhana pa sukulu iyi anzanu akuvota kutsidya la mtsinje. Opanda pepala m'manja dandaulo lanu ku likulu lidzangokhala nkhani.

Ndipo pamene makomiti akusankhidwa, limbikitsani amayi anu kuti asamangothamangira komiti ya amayi. Apikisane pa utcheya wa eriya, ulembi, usungichuma wa komiti yaikulu. Kulibe chipani chimene malamulo ake amati tcheya wa eriya akhale mwamuna, ndi chizolowezi chabe.

Chizolowezi chimenechi chili ndi kochokera. Amayi analipo m'ndale za dziko lino kuyambira pachiyambi ndipo sankangovina. Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200 ija, anasonkhanitsa amayi m'zaka za m'ma 1950 kulimbana ndi chitaganya, anamangidwa mu 1959, anadzakhala phungu komanso wachiwiri kwa nduna, mpaka chisokonezo cha nduna cha 1964 chinamuthamangitsira ku Zambia. Vera Chirwa anali nawo poyambitsa MCP mu 1959. Koma zitatha za 1964 zija malo a mayi m'chipani anasanduka a mbumba, nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, kuimba ndi kuvina pabwalo la ndege, Kamuzu nkhoswe nambala wani. Matipate atabwera mu 1994 zipani zatsopano zinangosintha mtundu wa nsalu, yachikasu, yabuluu, yaolenji, yofiira, kakonzedwe kake n'komweko: abambo pa mipando pansi pa tenti, amayi padzuwa kudikira kuti mwambo ufike pa magule. Sindikunyoza kuvina ayi, nyimbo za amayi zagwetsapo anthu m'dziko muno. Koma nthambi ya amayi mmene ilili pano ntchito yake ndi kubweretsa anthu, osati kusankha anthu, ndipo mkulu wa amayi nthawi zambiri amakhala mpando umodzi mu komiti ya abambo khumi ndi asanu.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti zimene anachita Catherine Gotani Hara n'zofunika kuziyang'anitsitsa. Anthu amakumbukira kuti mu June 2019 anakhala mayi woyamba kukhala Sipikala, koma ku konvenshoni ya MCP ya 2024 sanapite kukapikisana pa mpando wa amayi, anapikisana pa wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani n'kupambana. Patricia Kaliati anakhala mlembi wamkulu wa UTM, Grezelder Jeffrey anakhalapo mlembi wamkulu wa DPP. Kaya mumawakonda kaya ayi, imeneyo ndi mipando imene imagwira mafayilo a chipulula. Pali kusiyananso pakati pa mpando wopatsidwa ndi mpando wopambana. Joyce Banda anasankhidwa ndi Bingu kukhala womutsatira mu 2009, koma atasemphana anachotsedwa m'chipani mu December 2010, analibe makomiti oti amuikire kumbuyo mkatimo, mpaka anakayambitsa PP. Anakhala pulezidenti mu April 2012 chifukwa malamulo a dziko anamuteteza, osati chipani. Pano tili ndi Jane Ansah ngati wachiwiri kwa pulezidenti kuchokera mu 2025, n'zabwino ndithu, ana aakazi akuona, koma womutsatira amasankhidwa ndi munthu mmodzi. Pansi pano pa wodi ndi pa konsityuwensi palibe amene adzakutoleni choncho.

Za 2014 ndinenepo pang'ono chifukwa mudzakumana nazo. Nthawi ya kampeni imeneyo mwambi woti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo unamveka paliponse, ndipo mkwiyo wa anthu pa nkhani ya Cashgate unagwera ngakhale amayi amene sanali a PP n'komwe. Bambo akalephera amati wakutiwakuti walephera, mayi akalephera amati amayi alephera. Si chilungamo koma ndi mmene bwalo lilili.

Tsono ndalama. MEC imachepetsa ndi theka ndalama yolembetsera kwa amayi, mu 2019 uphungu abambo ankalipira K500,000 amayi K250,000, ndipo zipani zina nazo zimatsitsa ya chipulula. Zimathandiza, koma imeneyo ndi ndalama yaing'ono pa zonse. Kafukufuku amene anachitika pa chisankho cha 2019 anapeza kuti woima uphungu ankaononga pafupifupi K15 miliyoni, ndalama ya nthawi imeneyo kwacha isanagwe kangapo konse. Imapita kuti? Maliro, bokosi, galimoto yonyamula odwala usiku, fizi, malata a tchalitchi ndi mzikiti, bonanza ya mpira, thiransipoti ya madeligeti, mamonita pa tsiku lovota. Lamulo la 2018 lija linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti koma nonse mukudziwa zimene zimachitika pansi. Nde ngati mulibe bizinesi yolimba, ine ndinganene mosabisa kuti yambani ndi ukhansala. Ena amauona ngati wotsika, akulakwitsa. Wodi ndi yaing'ono, mutha kuizungulira pa kabaza, anthu akukudziwani kale, ndipo zaka zisanu muli ku khonsolo mukuphunzira bajeti, mukudziwana ndi mafumu ndi ma ADC, makomiti a chitukuko a m'madera, dzina likumveka. M'mizinda meya amachokera mwa makhansala omwewo, Lilongwe inakhalapo ndi meya wamayi, Juliana Kaduya, kuchokera mu 2019. Chimene sindingakulangizeni ndi kutenga katapila kapena kukokolola banki mkhonde chifukwa cha kampeni. Ndaonapo mayi wina atagulitsa chigayo chake, chipulula anachisintha tsiku kawiri mpaka ndalama zinamuthera asanavote n'komwe, amene anali ndi thumba lalitali anangodikira.

Pali china chimene abambo sakumana nacho kwenikweni, funso loti kwanu n'kuti. Ngati munapita ku chitengwa, kapena kumpoto ndi ku Lower Shire kumene mkazi amatsatira mwamuna, kwa amuna anu adzati ndinu obwera, kwanu adzati munakwatiwa munachoka. Sankhani dera limodzi pano, muzioneka kumeneko pa maliro, pa zinkhoswe, pa chitukuko, osati kudzatulukira 2029. Ndipo pakhomo kambiranani msanga. Osati kupempha chilolezo ngati mwana, koma amuna anu ndi achibale amve kuchokera kwa inu zimene zikubwera, chifukwa zidzabwera: adzakutchulani hule, adzati mukuyenda ndi akuluakulu a chipani, ngati simuli pabanja adzati angalamulire anthu bwanji wolephera banja, ngati muli pabanja adzayamba kuseka amuna anu ku bawo kuti akuphika okha. Pa WhatsApp ndi Facebook ndiye zimafika poipa, zithunzi zopanga ndi mavoisi. Mu January 2019 ku Mangochi mayi wina wotsatira UTM anavulidwa zovala za chipani pagulu kanema wake n'kufalikira dziko lonse, zinthu zochititsa manyazi. Zoterezi musamazitenge ngati ndi mmene ndale zimakhalira, sungani umboni, kanenani ku polisi, dziwitsani komiti ya zipani zonse ya pa boma imene imamva madandaulo nthawi ya chisankho, ndipo usiku musamayende nokha.

Mwina mudzafunsa kuti nanga anzathu zinatheka bwanji. Ku South Africa ANC inadziikira yokha lamulo la 30 pa 100 kuyambira chisankho cha 1994, mu 2007 n'kukweza kufika theka. Ku Namibia SWAPO mu 2013 inagwirizana kuti pa listi yake azisinthana, mkazi mwamuna mkazi mwamuna, ndipo lero pulezidenti wa dzikolo ndi mayi, Netumbo Nandi-Ndaitwah. Frelimo kwa aneba athu ku Mozambique nayo ili ndi gawo la amayi pa listi. Koma onani, maiko onsewa anthu amavotera chipani, chipani n'kutenga aphungu pa listi malinga ndi mavoti, nde kuika amayi n'kosavuta, umangokonza listi. Ife timavotera munthu mmodzi pa dera limodzi, kuti mayi alowe ndiye kuti pali bambo wina wake, wodziwika dzina, mwina amene amathandiza chipani ndi ndalama, woti auzidwe kuti pepani chaka chino ayi. Palibe mtsogoleri wa chipani amafuna kukamba mawu amenewo. Uganda inazemba vutoli popereka mpando wa mayi pa boma lililonse, Rwanda inasunga mipando 24 pa 80 ndipo amayi kumeneko anapitirira 60 pa 100 m'nyumba yawo. Kuno Law Commission mu 2017 inapereka ganizo lofanana ndi la Uganda, mipando 28 ya amayi, umodzi pa boma lililonse, koma silinasanduke lamulo.

Maganizo anga pa mipando 28 imeneyi ndi apakati. Ndingaivomere chifukwa tadikira mokwanira, koma ndili ndi mantha kuti tsiku limene idzakhazikitsidwe abambo a m'komiti mwanu aja adzapeza yankho latsopano, adzati mayi mpando wanu uli ku boma uko, kuno tisiyireni. Komanso kuchita kampeni boma lonse la Lilongwe kapena Mzimba ndi ndalama zochuluka kuposa konsityuwensi imodzi, nde adzapindule ndi amayi olemera kale. Chimene ndingakonde kwambiri n'choti ndalama zimene boma limapereka ku zipani, zija zimapita ku chipani chimene chapeza mavoti opitirira gawo limodzi mwa magawo khumi, zizidalirako kuchuluka kwa amayi amene chipanicho chalowetsa m'nyumba. Zipani zathu zimamva msanga nkhani ikakhudza thumba. Ndipo mkati mwa chipani, malo osinthira zinthu ndi konvenshoni. Amayi mumapita ku konvenshoni ambirimbiri, mumavota, koma sindinamvepo kuti nthambi ya amayi yakana kupereka mavoti kwa ofuna mipando mpaka atasaina kuti chipulula chizikhala cha pepala, listi ya ma eriya izituluka miyezi itatu chisanachitike, ndipo madera angapo a kuchipinda kwa chipani asungidwire amayi. Ofuna mipando ya NEC, komiti yaikulu ya chipani chonse, amakufunani kwambiri sabata imeneyo kuposa nthawi ina iliyonse, ndiye nthawi yonenera mtengo wanu ndi imeneyo, osati nsalu ndi ya sopo.

Nanga akakuberani chipulula? Kuima panokha ndi njira yeniyeni kuno kwathu, si zongodzisangalatsa. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana 52, mu 2019 anali 55, ambiri mwa iwo anthu amene zipani zawo zinawakana ku chipulula anthu akuwafuna. Koma muyese bwino, panokha ndiye kuti nsalu, mamonita, mafuta, zonse ndi thumba lanu, ndipo chipani chidzakutchulani woukira. Muchite zimenezo pokhapokha ngati mwawerenga ndipo mukudziwa kuti anthu ali nanu mudzi ndi mudzi, osati chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limenelo. Ine ndimawauza amayi kuti akhale ndi kope, mudzi uliwonse tsamba lake, maina a anthu asanu amene angakuyendereni khomo ndi khomo popanda kuwalipira. Masamba ambiri akakhala opanda kanthu ndiye kuti nthawi sinakwane, kaya m'chipani kaya panokha.

Mabungwe a 50-50 apiteniko, maphunziro awo oyankhula pagulu ndi kukonza uthenga ndi othandiza, nthawi zina amathandizako ndi zipangizo za kampeni, ndipo ngati mukuganiza za uphungu kumbukirani kuti malamulo amafuna munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo wotha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, nde ngati mapepala a sukulu ali pena pake akonzeni pano. Kungoti thandizo la mabungwe limakonda kufika mochedwa, chipulula chitadutsa, amayi ambiri atagwa kale. Komanso fufuzani phungu kapena khansala wamayi amene anadutsamo, ngakhale wa chipani china, mumufunse mmene anachitira ndi madeligeti, ambiri amayankha bwino kuposa mmene mungaganizire.

Abambo aja akadzanenanso kuti dikirani kaye, musakangane nawo za jenda, mudzangotaya mpweya ndipo adzakutchulani wamwano. Afunseni mwaulemu, pamaso pa mlembi kuti zilowe mu maminitsi, kuti ma eriya komiti adzasankhidwa liti, listi ya ma eriya ili ndi ndani, ndipo fomu ya ofuna kuima imatengedwa kuti pa ndalama zingati. Kenako lembani kalata yodziwitsa komiti ya distrikiti kuti muli ndi chidwi choima, kope ina isungidwe ndi inu itadindidwa. Ndipo msonkhano wotsatira ntchito yophika mupatse wina, inu mukakhale nawo mkati mmene akukambirana za makomitiwo mpaka atseke ndi pemphero.